Laisensi ya Amalume

Mu Lusaka muli bodza limodzi limene aliyense analimvapo. Mudzalimva pa Kulima Tower, pa City Market, potsukira motoka, ngakhale pa maliro pamene amuna azungulira moto usiku: "Ine nikamwako tubili ndiye nimayendesa bwino." Wolankhulayo amakhala wotsimikiza ndithu, ndipo pa zimene amamva m'thupi mwake sakunama. Mowa umayamba wagoneka mbali ya ubongo imene imakayikira ndi kucenjeza munthu. Conco dalaivala amadzimva ukatswiri pa nthawi yomweyo imene phazi lake layamba kucedwa kufika pa buleki, maso nawo aleka kuona bwino za m'mbali mwa mseu.

Amalume anga anali mmodzi wa eni ake mau amenewa. Ndi mlongosi wamng'ono wa amai, amandiposa ndi zaka 11 cabe. Anayamba monga kondakitala ali ndi zaka 19, anaphunzira kuyendetsa pa siteshoni usiku mabasi akapakidwa, ndipo atapeza laisensi ya PSV anagwira minibasi zaka 17. Atate atamwalira ndili Giredi 9, ndi iwo amene ankabwera kunyumba Ciwelu madzulo ndi ndalama zopindapinda zonunkha dizilo, n'kuziika pa thebulo osanena kanthu. Fizi ya kusekondale inacokera mmenemo. Ya ku UNZA, pamene loni sinafike, inacokera mmenemonso. Ndanena izi poyamba kuti mudziwe kumene ndaima. Pa nkhani iyi sindine mboni yopanda mbali.

Zaka ziwiri zapitazo, pa Mande m'mawa 06:00 isanakwane, basi yawo inasiya mseu pa kona n'kukagunda kantemba. Okwera onse anatuluka ndi mabala ang'onoang'ono. Mai amene ankakazinga vitumbuwa pambali pa kantembako anathyoka mwendo pawiri, mafuta otentha n'kumutayikira pa dzanja. Apolisi atafika anawapumitsa amalume m'kamakina kaja, ndipo nambala inapitirira malire.

Amalume analumbira pa manda a agogo kuti m'mawa umenewo sanalawe kanthu koma tiyi. Anthu anawaseka. Ine ndinawakhulupirira, cifukwa masamu ake ndimaphunzitsa ana a Giredi 11 tikafika pa mutu wa ciwindi. Lamulo la m'Zambia limaika malire pa mamiligalamu 80 a mowa mu mamililita 100 a magazi. Ciwindi cimacotsa mowa pang'onopang'ono, pafupifupi mamiligalamu 15 pa ola, ndipo sicifulumira cifukwa ca khofi, kusamba madzi ozizira, kapena nsima ya nyama. Tiyerekeze kuti munthu waleka kumwa 01:00 usiku ali pa 200, nambala imene womwa kwambiri amafikapo mosavuta. Pofika 05:00, pamene akuliza injini, ali pa 140. Adzatsika kufika pa 80 ca m'ma 09:00, atanyamula kale matripu atatu a ana a sukulu ndi anthu opita kunchito. Iye amati ndi babalazi cabe, koma kamakina kamawerenga magazi.

Kukhoti zinatenga mphindi zosakwana 20. Anavomera mlandu, anawalipiritsa faindi, laisensi n'kuimitsidwa caka cimodzi. Banja linasonkha. Amai anagulitsa firiji yaing'ono imene ankaumitsiramo maaisi ogulitsa kwa ana a sukulu. Majisitireti anagwira nchito yake, ndipo cilangoco sindikucidandaula. Kunena zoona cinali cocepa poyerekeza ndi mwendo wa mai uja. Cimene cinandikhala pamtima ndi funso limene palibe analifunsa pa mlandu wonsewo: kodi munthu uyu amamwa motani? Kangati pa wiki, kuyambira nthawi yanji, ndipo akapanda kumwa manja ake amacita bwanji?

Funsoli ndi lofunika cifukwa anthu amene amaima m'bokosi pa mlandu umenewu si a mtundu umodzi. Wina anamwa pa ukwati n'kuganiza kuti kunyumba ndi pafupi. Ameneyo faindi ndi manyazi zimamukwanira, ulendo wina adzaitana takisi. Wina ndi amene thupi lake linazolowera mowa mpaka silingayambe tsiku popanda iwo. Uyu cilango cimamupweteka mofanana ndi mnzakeyo, koma sicifika pamene pali cilonda. Kumulanda laisensi kumateteza anthu pamseu, ndipo n'koyenera. Komanso kumamupatsa cinthu cimene analibe zaka 17: tsiku lathunthu lopanda cocita.

Amalume anali a mtundu waciwiriwu. Amene munagwirako nchito ya minibasi mukuidziwa kuposa ine. Kudzuka 04:00, kashing'i ya mwini basi imene iyenera kukwana kaya kuli makasitomala kaya kulibe, mafuta, ang'wang'wazi ofuna yawo pa siteshoni iliyonse, kukangana ndi anthu pa cenji. Kabotolo kamodzi m'mawa kothamangitsira kuzizira kwa mu Juni, kena madzulo koziziritsa mutu. Boma linaletsa tujilijili mu 2012, koma mowa waukali womwewo unabwereranso m'tumabotolo totsika mtengo tokwana m'thumba la jekete. Sindikuwayeretsa. Madalaivala ambiri amagwira nchito yomweyo osamwa. Ndikungoonetsa njira imene iwo anadzera.

Miyezi inayi yotsatira anamwa kuposa kale lonse, kacasu wa nkhongole kuyambira m'mawa. Cimene cinawadzidzimutsa si khoti ayi. Tsiku lina masana ali khale pa ngalande, mwana wawo wamkazi wa Giredi 7 anadutsa ndi anzake pocoka kusukulu, anawayang'ana, n'kupitirira ngati sakuwadziwa. Madzulo ake anauza anti, akazi awo, kuti awatsekere m'cipinda ndipo asatsegule ngakhale alire bwanji.

Tsiku loyamba kunali thukuta ndi kunjenjemera. Laciwiri anagwa ngati wakhunyu. Usiku wa tsiku lacitatu anayamba kukuwa kuti makoswe akutsika pa khoma, uku akung'amba malaya. A pa yadi anadzaza pakhomo, ndipo nkhani inamveka msanga yakuti abale a mai wa vitumbuwa uja apita kwa sing'anga. Mwamwayi pa yadi yomweyo pamakhala nesi. Anasuzumira kamodzi cabe n'kunena kuti, "Uyu muntu angafe lelo. Funani motoka manje manje."

Anali kunena zoona. Ubongo wa munthu amene wamwa tsiku ndi tsiku kwa zaka umazolowera kugwira nchito utapanikizidwa. Uli ngati dalaivala amene amaponda mafuta kwambiri cifukwa handibuleki ndi yokoka. Mukamasula handibuleki mwadzidzidzi phazi likali pansi, motoka imathawa. Madokotala amacha vutoli delirium tremens. Limabwera kawirikawiri pakati pa maola 48 ndi 72 munthu ataleka kumwa, ndipo limapha. Kucipatala amapereka mankhwala monga diazepam n'kumawacepetsa tsiku ndi tsiku, jekeseni ya vitamini B1 yoteteza ubongo, ndi madzi a diripu. Ngati kwanu kuli munthu amene manja ake amanjenjemera m'mawa mpaka atamwa, ndipo wanena kuti akufuna kuleka, musamutsekere m'nyumba. Pitani naye ku kiliniki tsiku lomwelo. Pa nkhani yonseyi, ngati muiwale zina, ici musaciiwale.

Atakhalako bwino, adokotala anati awatumiza ku Chainama. Amalume anakhala tsonga pa bedi. "Nine wofunta ine?" Dzina limeneli ana a m'kalasi mwanga amatukwanirana nalo, wina akayankha molakwika, kumbuyo kumamveka kuti "Chainama!" ndipo kalasi yonse imaseka. Sadziwa kuti Chainama Hills ndi cipatala cacikulu ca matenda a maganizo m'dziko lino, ndi kuti mowa ndi cimodzi mwa zifukwa zazikulu zimene zimafikitsa amuna kumeneko, ena a iwo atate a ana oseka omwewo. Amene anathetsa mkangano ndi amai. Anaima kumiyendo kwa bedi n'kunena kuti, "Iwe, ndinakubereka kumsana ine. Ukapanda kupita, pakhomo panga usadzapondenso." Anapita. Anakhalako masabata awiri.

Anthu ambiri akamva mau akuti rihabu amaganiza za masabata amenewo: munthu walowa wodetsedwa, watuluka woyera, nkhani yatha. Kumeneko n'kutsuka thupi cabe. Munthu amabwerera ku komboni yomweyo, shabini ili pa kona yomweyo, anzake akumudikira pa benchi yomweyo. Tinafunsa malo ena olipira kumene munthu amagonera miyezi itatu. Mtengo wa mwezi umodzi unaposa malipiro anga. Tinathokoza n'kudula foni. Cimene cinatheka ndi kuonana ndi phungu kamodzi pa wiki, ndi kupita ku gulu pa Ciwelu.

Tsiku loyamba phungu anawafunsa mafunso 10 a pa pepala lochedwa AUDIT, limene linakonzedwa ndi bungwe la WHO. Ndi mafunso wamba: mumamwa kangati, mabotolo angati, kodi munayamba mwafuna mowa m'mawa kuti thupi liyambe, kodi inu kapena munthu wina anavulalapo cifukwa ca kumwa kwanu. Amalume anandiuza pambuyo pake kuti aka kanali koyamba munthu kuwafunsa za mowa popanda kukweza mau. Pa funso la kuvulala anakhala cete nthawi yaitali, phunguyo n'kungodikira.

Zotsatira zake zinali zazing'ono moti poyamba zinawakwiyitsa. Analemba pa pepala maola amene cilakolako cimabwera mwamphamvu: 04:30, nthawi yolizira injini, ngakhale kuti injini inalibenso; Cisanu madzulo; nthawi iliyonse imene m'thumba muli ndalama ya pepala. Analemba maina a anzawo atatu. Anasintha njira yopitira kumsika kuti isadutse pa shabini, ngakhale kuti yatsopanoyo ndi yozungulira. Atapeza ganyu yomata matayala, malipiro ankapita pa foni ya anti. Ndipo phungu ankakhala ngati mnzawo wa pa benchi atanyamula botolo lopanda kanthu, iwo n'kumayeseza kukana mokweza mau, mobwerezabwereza. "Aticha," anandiuza tsiku lina, "banichitisa sewero monga mwana wa Giredi 1." Ndinawayankha kuti ngakhale giya yoyamba anaiphunzira mwa kubwereza, basi itaima.

Gulu la pa Ciwelu linali la Alcoholics Anonymous, limene linayamba mu 1935 ku Akron, ku America, pamene amuna awiri ogonja ku mowa, mmodzi wa iwo dokotala, anaona kuti kulankhulana kumawathandiza kupirira tsiku limodzi. Amalume si munthu wa misonkhano. Cimene cinawasunga kumeneko, ndikuganiza, ndi kuona anthu a matayi ndi a maovolosi atakhala pa mipando yofanana, akunena mabodza ofanana amene ankauza akazi awo.

M'mwezi wacisanu anagwa. Kunali maliro kumudzi ku Katete, anagonako masiku atatu, ndipo usiku waciwiri wina anawapatsa kapu. Anabwera ku Lusaka akununkha. Amai analira, "Firiji yanga inapita pacabe." Ndinamvetsa kulira kwawo. Phungu yekha ndiye sanadabwe. Anafunsa kuti kapuyo anawapatsa ndani, inali nthawi yanji, anali atadya kapena ayi, ndipo anali atagona maola angati. Atamaliza anapangana za maliro otsatira, pakuti maliro sadzatha: kupita ndi munthu wodziwa nkhani yawo, kupempha nchito yotunga madzi kapena kuwaza nkhuni m'malo mokhala pa moto, ndi kubwerako tsiku loika. Kucokera pamenepo papita miyezi 14 osalawa.

Pa nthawi imeneyi ndinawerenga mmene maiko ena amacitira ndi dalaivala wotere. Ku Britain, munthu akaletsedwa kuyendetsa miyezi 12 kapena kuposerapo cifukwa ca mowa, khoti lingamupatse mwayi wocita kosi imene amalipira yekha, ndipo akaimaliza amamucotserako mpaka gawo limodzi mwa magawo anayi a ciletsoco. Ku Germany, wopezeka ali pa 160 kapena kuposa sabwezeredwa laisensi mpaka atapimidwa ndi dokotala ndi katswiri wa maganizo n'kuwakhutiritsa kuti kamwedwe kake kasintha. Ku South Dakota, ku America, kuyambira 2005 anthu obwereza mlanduwu amakapuma m'kamakina kawiri pa tsiku, m'mawa ndi madzulo, ndipo wopezeka atamwa amagona m'selo nthawi yomweyo, tsiku limodzi kapena awiri. Njira zake n'zosiyana, koma onsewa anaona cimodzi: dalaivala amafuna laisensi yake kuposa cinthu cina ciliconse, conco njira yobwerera pa siteringi anaidutsitsa pa khomo la cithandizo.

Wina anganene kuti amenewo ndi maiko a ndalama. Koma mu 2020 magazini ya PLOS Medicine inafalitsa zotsatira za kafukufuku wocitikira m'makomboni a Lusaka muno, wotsogoleredwa ndi akatswiri a Johns Hopkins University pamodzi ndi anzawo a kuno. Anaphunzitsa anthu wamba, osakhala madokotala, kupereka uphungu wochedwa CETA ku mabanja amene munali nkhanza ndiponso mwamuna womwa kwambiri. Patapita caka, kumwa kwa amunawo ndi nkhanza zinatsika kuposa m'mabanja amene sanalandire uphunguwo. Kafukufukuyu sanali wa madalaivala. Koma anaonetsa kuti munthu wa m'komboni, wolankhula cinenero cathu, angaphunzitsidwe nchito imeneyi n'kuigwira bwino.

Pa mapepala dziko lathu linayamba kale kutembenuka. Mu 2016 nthambi ya ndende inasintha dzina kukhala Zambia Correctional Service. Mu 2018 boma linavomereza ndondomeko ya dziko yokhudza mowa, ndipo mu 2019 kunabwera lamulo latsopano la umoyo wa maganizo m'malo mwa lakale la nthawi ya atsamunda. Cimene ine ndikufuna n'cocepa kuposa zonsezi: thebulo limodzi kunja kwa khoti, munthu mmodzi wokhala ndi pepala la mafunso 10 aja, ndi lamulo lakuti wopezeka kuti ndi wa mtundu waciwiri asalandire laisensi ku RTSA popanda umboni wakuti analandira cithandizo. Ndikudziwa cimene mukuganiza, kuti kalata yotereyo idzayamba kugulidwa. Ena adzagula ndithu. N'cifukwa cake ndimakonda njira ya kamakina, pakuti kalata imagulidwa kamodzi koma mpweya umafunika m'mawa uliwonse. Amalume anafika kwa phungu cifukwa cakuti pa yadi yawo pamakhala nesi. Pa mayadi ambiri palibe nesi. Ziwerengero za apolisi zimaonetsa kuti anthu pafupifupi 2,000 amafa pa miseu ya Zambia caka ciliconse, ndipo WHO imati pa dziko lonse ngozi za pamseu ndizo zimapha kwambiri anthu a zaka 5 mpaka 29, msinkhu wa ambiri a inu amene mukuwerenga.

Pali munthu mmodzi amene mapulani onsewa samufika. Mai wa vitumbuwa uja anakhala miyezi isanu osagulitsa. Mwana wake wamkulu anaphonya temu yathunthu akukazinga m'malo mwake. Lero amayenda motsimphina, ndipo kukazizira mwendo umamupweteka. Iye sanapatsidwe phungu, kapena gulu la pa Ciwelu lomuombera m'manja akakwanitsa mwezi. Amalume amamutumizira kangacepe mwezi uliwonse pa ndalama za matayala; palibe anawalamula, zinacokera m'gulu muja, mmene amalimbikitsana kubwezera anthu amene anawalakwira. Timapereka ndife, ine ndi anti, cifukwa maiyo sanafune kuwaonanso. Ulendo wina ndinamuuza kuti amalume akwanitsa caka osamwa. Anapukuta manja pa citenge, n'kunena modekha kuti, "Mwamutandiza, ni vabwino, aticha. Koma mukamupasa motoka muniuzeko njila yake, bana banga basakakwele." Ndinalibe comuyankha, ndipo sindikuganiza kuti ankafuna yankho.

Ciletso ca khoti cinatha caka catha, koma laisensi inakhalabe m'cikwama ca anti. Miyezi itatu yapitayo mwini basi wina, amene amawadziwa kuyambira ali kondakitala, anawalonjeza Hiace. Banja linakumana kwa amai pa Sondo. Anti anawerenga nkhongole: lendi ya miyezi iwiri, ndi yunifomu ya mwana uja, amene tsopano ali kusekondale. Matayala sakwanitsa zimenezi. Amai anangoti iwo atopa. Pamapeto onse anayang'ana ine, cifukwa m'banja lathu wa digiri ndiye amapatsidwa mafunso amene ena onse akuwaopa.

"Aticha, mukuonapo bwanji?" anafunsa amalume, maso ali pansi.

Ndinati, "Amalume, basi ya anthu ikhale ikudikira. Yambani ndi kanta yonyamula mabuloko, ya masana, miyezi isanu ndi umodzi. Kamakina kopumiramo ndigula ine. Muzipuma m'mawa uliwonse anti akuona, musanagwire kiyi."

Anakhala cete. Kenaka anati, "Mwana wamene ninalipilila sukulu, lelo azinipima mpweya." Anatuluka panja. Tinawaona pa windo ataima pafupi ndi mpopi, manja m'thumba, kwa nthawi yaitali. Atabwerera sanandiyang'ane. Anafunsa anti kuti kanta ya mabuloko ija imene inkafuna dalaivala ikalipo kapena ayi.

Kuyambira tsiku limenelo foni yanga imalira 05:00 m'mawa uliwonse. Ndi anti pa WhatsApp, atumiza cithunzi ca kamakina, cala ca amalume cikuoneka pambali. Iwo sanandilankhulebe momasuka monga kale. Tikakumana amandipatsa moni wa ulemu, wa mlendo. Kwatsala miyezi itatu. Mwini Hiace wanena kuti sangadikire mpaka pamenepo, ali ndi anyamata ena awiri amene akuifuna.